Miyendo ikana kuyenda koma njinga achova: vuto lili mu msana

M'makomboni athu muno simusowa munthu wacikulire wa vuto limene tifuna kukamba lero, ndipo kapena ali m'nyumba mwanu momwemo. Ambuya anyamuka bwinobwino m'mawa kuti apite ku msika wa Kapata, koma asanafike patali miyendo yalemera monga aimangirira njerwa. Matako ndi nchafu ziyamba kuwawa, akatumba acita dzanzi, mapazi amveka monga aponda pa thonje. Basi afunefune pokhala. Akakhala pa mwala kapena kungowerama kwa mphindi zowerengeka zonse zitha, anyamukanso, koma patsogolo pang'ono zibweranso.

Cimene cimasokoneza a pabanja n'cakuti ambuya omwewo akagwira khasu kudimba amalima mpaka dzuwa kufika pamutu. Aliponso azibambo amene sangayende pansi kucokera pakhomo kufika ku chalichi, koma akakwera njinga amachova mpaka ku Mwami. Ana ndi azipongozi poona zimenezi amayamba kunong'onezana kuti nkhalamba ingonama, ndi ulesi cabe. Ena amati anaponda mankhwala panjira, ndipo miyendo yonse imadzaza mphini. Koma miyendoyo ilibe mlandu. Vuto lili m'munsi mwa msana, m'ciuno, kumene mpata wopitamo mitsempha wacepa. Madokotala amachula matendawa kuti lumbar spinal stenosis. Tiyeni tione cimene cimacepetsa mpatawo, pakuti mukacidziwa mudzaonanso kuti ambuya sanama.

Mmene msana unamangidwira

Aliyense amene anadyako msana wa mbuzi kapena khosi la nkhuku anaona kuti mafupa ake ndi ang'onoang'ono osanjikizana, ndipo lililonse lili ndi ciboo pakati, mmene mumakhala kanthu koyera kofewa. Msana wa munthu uli cimodzimodzi. Uli ndi mafupa 33: m'khosi 7, pacifuwa 12, m'ciuno 5, ndipo otsalawo, amene ali pakati pa matako, anagwirana kukhala monga fupa limodzi ndi kamcira kake. Fupa lililonse kutsogolo kwake lili ngati kacitsa, ndipo kacitsako ndiko kamasenza thupi. Kumbuyo kwake lili ngati mphete. Mphetezi zikasanjikizana zimapanga mpata wautali monga wa m'kati mwa paipi, kucokera kumutu mpaka m'ciuno.

Mu mpata umenewu mumapita mtsempha waukulu wocokera ku ubongo. Pano sitinena mitsempha ya magazi ai, koma ija yonyamula mauthenga, imene imauza mwendo kuti usunthe ndi kuuza ubongo kuti phazi laponda minga. Kwa munthu wamkulu mtsempha waukuluwu sufika pansi penipeni. Umathera pa fupa loyamba kapena laciwiri la m'ciuno, ndipo kucokera pamenepo umagawikana kukhala mitsempha yambiri yoning'a yolendewera pamodzi, imene akale poiona anati ifanana ndi mcira wa kavalo. Mitsempha imeneyi imatuluka iwiriiwiri pa tiziboo ta m'mbali, wina kumanja wina kumanzere, n'kupita ku matako, ku miyendo, ku cikhodzodzo, ku matumbo a kumapeto ndi ku ziwalo zobisika. Ndiye cifukwa cake vuto la m'ciuno limamvekera kuphazi.

Tingochulako pano nkhani ina imene imaopetsa anthu ambiri m'dziko lathu lino. Nyeleti imene madokotala amalasa pamsana potenga madzi okapima, kapena pocititsa dzanzi mai wobereka mwa opaleshoni, imalowa m'munsi mwa pamene mtsempha waukulu uja wathera, ndipo amasankhira dala pamenepo. Nyeleti imeneyo si imene imacepetsa mpata wa mu msana.

Mpata wa m'ciuno si waukulu. Kucokera kutsogolo kufika kumbuyo, kwa anthu ambiri umakhala mamilimita 15 kapena kuposerapo pang'ono, ndiko kuti monga kunenepa kwa cala. Dokotala wina wa ku Utrecht m'dziko la Netherlands, dzina lake Henk Verbiest, ndiye anafotokoza bwino matendawa m'caka ca 1954. Iye popima mpatawu pa anthu amene anali kuwacita opaleshoni anaona kuti ukatsika kufika pa mamilimita 10 mitsempha imakhala itasowa malo. Muone kuti kusiyana kwa msana wabwino ndi wodwala ndi mamilimita owerengeka cabe.

Mafuwa atatu

Pakati pa fupa ndi linzake, kutsogolo kuja, pali cinthu cimene tingacichule kuti nkhata, pakuti nchito yake ndi yomweyo ya nkhata imene mai amaika pamutu posenza mtsuko. Acingerezi amati disc. Kunja kwake n'kolimba monga zingwe zopota, m'kati mwake n'mofewa monga phala lozizira, ndipo mbali yaikulu ya m'katimo ndi madzi. Kumbuyo kwa mphete kuli timfundo tiwiri tating'ono, kena kumanja kena kumanzere, pamene fupa la pamwamba limakolana ndi la pansi. Conco fupa lililonse limakhala pa zinthu zitatu: nkhata kutsogolo, timfundo tiwiri kumbuyo, monga mphika pa mafuwa atatu. Amene anaphunzitsa kwambiri zimenezi ndi William Kirkaldy-Willis, dokotala wa mafupa amene anagwira nchito ku Kenya ndiponso ku Canada. Iye anaonetsa kuti cimodzi mwa zitatuzi cikaonongeka, zinzake ziwiri sizikhalitsa.

Kawirikawiri cimayamba kugonja ndi nkhata. Nkhata ya munthu wamkulu ilibe mitsempha ya magazi m'kati mwake. Cakudya cake imacita kuyamwa pang'onopang'ono kucokera ku mafupa a pamwamba ndi pansi pake. Masana thupi likaipondereza imataya madzi ena, usiku munthu akagona imawayamwanso, ndipo n'cifukwa cake munthu amakhala wamtali pang'ono m'mawa kuposa madzulo, mwina ndi sentimita imodzi kapena kuposa. Zaka zikamapita timaboo tolowera cakudya timayamba kutsekeka, ndipo zinthu zimene zimasunga madzi m'kati mwa nkhata zimacepa. Nkhata imauma, imang'aluka, imaphwa. Ndipo monga tayala la njinga lopanda mpweya limatuphira m'mbali likapondedwa, nayonso imatuphira kumbuyo, kumene kuli mpata wa mitsempha. Apo mpata wayamba kale kucepa kucokera kutsogolo.

Tsopano fuwa limodzi latitimira, mphika wapendekeka. Katundu amene nkhata inali kusenza amagwera pa timfundo tiwiri tija, timene sitinapangidwire kusenza zolemera zotero. Cicerewecere coterera cimene cimakuta mafupa pa mfundo cimaperepeseka, ndipo iyi ndi nyamakazi yomweyo imene imagwira maondo a nkhalamba. Fupa likamakhulana ndi linzake, thupi limayankha mwa kumeretsa fupa lina m'mphepete, monga mtengo umene umatupa pamene anautema. Thupi limacita izi pofuna kulimbitsa malo ogwedera, ndipo kulimba amalimbadi, koma fupa latsopanolo lilibe kwina komerera. Limalowa m'mbali mwa mpata ndi pa tiziboo tija totulukira mitsempha. Nthawi zina kamfundo kotupa kamatulutsanso kathumba ka madzi kolowa mu mpata momwemo.

Lamba wacikasu

Cinthu cacitatu anthu ambiri sanacimvepo, komatu kwa nkhalamba zambiri ndico cimatenga malo aakulu. Kumbuyo kwa mpata, ca m'kati, kuli lamba amene amalumikiza mphete imodzi ku inzake. Mtundu wake ndi wacikasu, ndipo dzina lake la cipatala, ligamentum flavum, litanthauza zomwezo. Pa ubwana lambayu amatamuka monga malegeni omangira katundu pa njinga. Munthu akawerama amatamuka, akaongoka amabwerera popanda kupindika. Kucindikala kwake kawirikawiri sikupitirira mamilimita 4.

Lamba ameneyu amaonongeka m'njira ziwiri. Yoyamba, nkhata ikaphwa mafupa amayandikirana, ndipo lamba amatsala wamtali kuposa malo ake, motero amakwinyika n'kulowa m'kati. Yaciwiri, cifukwa ca kugwedera kwa mafupa, lambayo amang'ambika ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, ndipo thupi limasoka ming'aluyo ndi mnofu wa cipsera. Tonse tidziwa kuti cipsera n'cokhuthala ndiponso sicitamuka monga khungu. Caka ndi caka cipsera cionjezeka pa cinzake, mpaka malegeni aja asanduka monga cikumba couma. Anthu ena lambayu amafika pocita kuuma monga fupa. Ofufuza apeza kuti kukhuthala kumeneku kumaoneka kwambiri mwa anthu a matenda a shuga.

Conco mitsempha yapanikizidwa ku mbali zonse: nkhata kutsogolo, fupa lomera m'mbali, lamba kumbuyo. Malo amene izi zimakonda kucitikira ndi pakati pa fupa lacinai ndi lacisanu la m'ciuno, pamene amalemba kuti L4 ndi L5 pa pepala la ku cipatala, cifukwa ndi pamene msana umapindika kwambiri uku utasenza thupi lonse la kumtunda. Pamalo omwewa, timfundo tikatha kwambiri, fupa la pamwamba limatha kutsetserekera kutsogolo pang'ono. Mphete ziwiri zimaleka kuyang'anana, monga mapaipi awiri olumikizidwa mokhota. Kutsetsereka kotere kumapezeka kwambiri mwa azimai opitirira zaka 50 kuposa mwa azibambo.

Cifukwa cake kuwerama kumathandiza

Tabwera tsopano pa funso la ambuya ndi khasu lao. Mpata wa mu msana sukhala pa muyezo umodzi tsiku lonse. Munthu akaimirira ciriri kapena akapindikira kumbuyo, mphete zimayandikirana, lamba uja amakwinyika kwambiri, tiziboo ta m'mbali timacepa. Akawerama kapena kukhala pansi, mphete zimatalikirana, lamba amakungika, ndipo mpata umatseguka pang'ono. Kwa mnyamata kusintha kumeneku kulibe kanthu cifukwa malo alipo ambiri. Kwa nkhalamba imene yatsala ndi mamilimita 10, pang'ono pomwepo ndiye kusiyana kwa ululu ndi mpumulo.

Palinso nkhani ya magazi. Mitsempha ya mauthenga nayonso imadya, ndipo ili ndi timitsempha take ta magazi tating'ono kwambiri. Poyenda, mitsempha ya ku miyendo imagwira nchito yaikulu ndipo imafuna magazi ambiri. Koma pamalo opanikizika magazi ogwira kale nchito amalephera kutuluka, amadzazana, ndipo atsopano amalephera kulowa. Mtsempha umayamba kukomoka ndi njala. Ndiye dzanzi lija, kulemera kuja, ndi kunyerenyesa monga nyerere zikuyenda m'khungu. Munthu akakhala pansi mpata umatseguka, magazi amayendanso, ndipo mtsempha umatsitsimuka.

Wolima amakhala wowerama. Wochova njinga amakhala wowerama. Wokankha wilibala nayenso ndi wowerama, ndipo mudzaona kuti acikulire otere amayenda mtunda wautali akatsamira pa wilibala kapena pa ndodo kuposa akayenda cimanjamanja. Ambiri amapeza kuti kukwera citunda n'kosavuta kuposa kutsika, pakuti pokwera thupi limapendekera kutsogolo, potsika limapendekera kumbuyo. Kuima pa mzera ku kiliniki kapena kuimirira nthawi yaitali pa maliro ndiko kumawazunza koposa. Ena usiku sagona cagada, amagona cam'mbali atapinda maondo.

Kodi ndi nchito yakalavulagaga imene imacititsa?

Ambiri aife timakhulupirira kuti msana wa amai unatha cifukwa ca mitolo ya nkhuni ndi zidebe za madzi, ndipo wa atate unatha cifukwa ca matumba a cimanga ndi simenti. M'menemo muli coonadi, koma si conse. Ku Finland, kuyambira m'caka ca 1991, Michele Battié ndi Tapio Videman anapima misana ya amuna amapasa ofanana, amene wina anali kugwira nchito yolemetsa pamene mnzake anali kugwira yopepuka. Anapeza kuti nkhata za amapasawo zinali zoonongeka mofanana kwambiri, ngakhale kuti nchito zao zinali zosiyana. Ndiko kunena kuti cibadwa ca ku mtundu cili ndi mbali yaikulu kuposa mmene anthu anali kuganizira. Izi sizitanthauza kuti mwana wa zaka 10 azisenzetsedwa thumba la makala, pakuti katundu wopitirira muyezo amapweteka msana m'njira zina. Koma munthu asadziimbe mlandu kuti akanakhala wa mu ofesi sakanadwala. A mu ofesi nawonso amadwala.

Cibadwa cimaoneka m'njira inanso. Anthu ena amabadwa ndi mpata waung'ono kale cifukwa mbali za mphete zao n'zazifupi. Pa unyamata samva kanthu, koma popeza alibe malo apadera, nkhata ikangotupha pang'ono amayamba kudandaula ali ndi zaka za m'ma 30 kapena 40, pamene anzao amayamba atapitirira 60. Anthu aafupi kwambiri a matenda obadwa nao ochedwa achondroplasia amavutika ndi zimenezi kawirikawiri.

Zimene munthu angasinthe ndi fodya ndi kunenepa. Fodya amafinya timitsempha ta magazi timene timadyetsa nkhata, imene ndi kale lomwe imadya movutikira. Mimba yaikulu imakokera msana kutsogolo ndi kuonjezera katundu pa timfundo. Palinso mafuta amene amakhala mu mpata momwemo, kuzungulira mitsempha, ndipo mafutawa amaculuka mwa anthu onenepa kwambiri ndi mwa amene amamwa mapiritsi a prednisolone kapena dexamethasone kwa miyezi yambiri. Mapiritsi amenewa amafewetsanso mafupa. Amene mumagula nokha mankhwalawa kuti muletse kuphwanya kwa thupi, cenjerani.

Koma tisaopsezane. Si onse a mpata wocepa amene amadwala. M'caka ca 1990 madokotala a ku America anajambula ndi makina a MRI misana ya anthu amene sanadandaulepo za msana kapena miyendo, ndipo mwa opitirira zaka 60, pafupifupi mmodzi mwa asanu alionse anapezeka ndi mpata wocepa iye osadziwa. Cithunzi pacokha si matenda. Ndiponso mwa amene amamva ululu, ambiri amakhala cimodzimodzi kwa zaka zambiri, ena amapezako bwino, ndipo ofika polumala ndi ocepa.

Matenda ena amene amapanikiza mitsempha

Zonse tafotokozazi zimabwera pang'onopang'ono, pa zaka. Koma kuno kwathu dokotala ayenera kuganiziranso za TB. Kacilombo ka TB sikakhala m'mapapo mokha. Kamatha kuyenda ndi magazi n'kukhazikika m'mafupa a msana, makamaka pakati pa msana ndi kumtunda kwa ciuno, kumene kamadya fupa ndi nkhata, n'kupanga mafinya amene amapanikiza mitsempha. Fupa likaphwanyika pamatuluka linunda losongoka. Percivall Pott wa ku London anafotokoza matendawa m'caka ca 1779, ndipo mpaka lero amachulidwa ndi dzina lake. Kusiyana kwake n'kwakuti ululu wa TB suleka munthu akakhala pansi, umakula usiku, ndipo umabwera ndi kuonda, kutentha thupi ndi thukuta la usiku. Umagwira ndi ana omwe, ndipo anthu amene ali ndi HIV ali pa ngozi yaikulu. TB ya msana imacira ndi mankhwala, koma fupa limene laphwanyika kale silibwerera.

Khansa nayo, makamaka ya prostate kwa azibambo ndi ya bere kwa azimai, imatha kufalikira ku mafupa a msana. Ndipo pali matenda awiri amene sali mu msana konse koma amafanana ndi athuwa. Oyamba ndi kutsekeka kwa mitsempha ya magazi ya m'miyendo, kofala mwa okoka fodya: wodwalayo akatumba amamupweteka poyenda ndi pochova njinga pomwe, koma akangoima ciriri ululu umatha popanda kukhala pansi. Aciwiri ndi shuga, amene amacititsa dzanzi ndi moto kumapazi onse awiri usana ndi usiku, kaya munthu wayenda kaya sanayende.

Mukapita ku cipatala

Cimene cimathandiza kwambiri wopima ndi mau anu. Musangoti miyendo iwawa. Nenani mtunda umene mumayenda ululu usanayambe, ngati umatha mukaima kapena mpaka mutakhala pansi, ngati mumatha kuchova njinga kapena kulima, ndi malo enieni amene dzanzi limafika. X-ray imaonetsa mafupa okha. Ingaonetse nkhata yophwa, fupa lotsetsereka kapena lodyeka ndi TB, koma lamba ndi mitsempha sizioneka. Zimenezo zimaoneka pa MRI, makina amene amapezeka m'zipatala zikuluzikulu zowerengeka, motero si aliyense amene amatumizidwako, koma makamaka uyo amene akuganiziridwa za opaleshoni.

Palibe piritsi, jekiseni kapena muzu umene umakulitsa mpata umene wacepa. Mapiritsi monga Brufen ndi diclofenac amangocepetsa ululu, ndipo nkhalamba ikawamwa tsiku ndi tsiku amaononga impso, amakweza BP ndi kuyambitsa zilonda za m'mimba. Kugona pa mphasa tsiku lonse nakonso kumangofooketsa miyendo. Cothandiza ndi kuyenda mitunda ifupiifupi ndi kupumula ululu usanakule, kuchova njinga, kugwira ndodo popanda manyazi, ndi maseweredwe olimbitsa minofu ya pamimba ndi pamsana amene a physiotherapy amaphunzitsa m'zipatala monga Chipata Central ndi St Francis ku Katete. Zimenezi zikalephera ndipo munthu sathanso kuyenda ngakhale pakhomo, pali opaleshoni yocotsa mbali ya kumbuyo ya mphete pamodzi ndi lamba wokhuthala uja. Opaleshoniyi imathandiza kwambiri ululu wa m'miyendo kuposa wa msana weniweniwo.

Pali zizindikiro zina zimene siziyembekeza kuti mwezi uthe kapena kuti mwana wa ku Lusaka atumize ndalama. Ngati wodwala alephera kukodza, kapena mkodzo ndi cimbudzi zituluka iye osamva, ngati wacita dzanzi pakati pa miyendo ndi kumatako kotero kuti samva podzipukuta, kapena ngati miyendo ifooka mofulumira ndipo phazi liyamba kukwakwa pansi, ndiye kuti mcira wa kavalo uja wafinyika wonse. Acikulire ambiri amabisa zimenezi cifukwa ca manyazi, makamaka pamaso pa ana ao ndi azipongozi, conco wosamalira wodwala afunse yekha mwaulemu ali awiri. Munthu wotere apite ku cipatala cacikulu tsiku lomwelo, ngakhale usiku, pakuti mitsempha ya cikhodzodzo ikafinyika masiku angapo kawirikawiri sibwereranso mwakale.